Mapazi Makumi Atatu ndi Awiri

Wokondedwa Mzime,

Pofuna kupewa mphekesera, ndaona kuti n'koyenera kulengeza kwa iwe, kwa alamu anga ndi kwa onse okhudzidwa kuti kuyambira Lolemba lapitali mlongo wako sakuvalanso chipewa chachikasu. Andipatsa choyera. Pulasitiki yake ndi yomweyo, chimawotcha mutu chimodzimodzi, malipiro sanasunthe, koma pamsewu munthu wa chipewa choyera saitanidwa ndi likhweru. Akuti ndi mphoto ya ntchito yabwino yomwe ndagwira mwezi uno. Amene ali ndi mafunso aonane ndi mwini chipewa m'maola a ntchito.

Mwambo wolengeza wathera pamenepo. Uli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya, kapena ukunyamulabe odwala onenepa kuposa iwe? Alamu anga ali bwanji? Kuno tilipo. Mlamu wako ali bwino, wanenepa ndi mtendere wogona yekha pabedi, poti ine ndimagwira usiku. Za bambo ndinena m'munsimu. Usadumphe mizere, ndimakudziwa.

Udabwa kulandira kalata masiku ano a foni. Vuto ndi loti pa foni ndimakuseketsa, iwe n'kuseka, nthawi n'kutha ndisananene kanthu. Pepala siliseka.

Paja anzako umawauza kuti mlongo wako ndi mkulu pa kampani yomanga misewu. Pitiriza, sindikutsutsa. Zoona zake ndi izi: akukulitsa msewu waukulu uja wodutsa kumtunda kwa nyumba yathu, koma asanathire phula ayenera kusamutsa zonse zili pansi pake, mapaipi a madzi, nthambo za magetsi ndi mawaya a foni. Masana sizitheka chifukwa cha magalimoto, ndiye timatseka mbali imodzi ya msewu 9 koloko usiku n'kutsegula 5 koloko m'mawa. Tikachedwa kutsegula kampani imalipitsidwa, ndipo a Injiniya amatukwana m'zilankhulo ziwiri.

Ine ntchito yanga ndi yolemba zidziwitso. "Tikupepesa chifukwa cha zovuta zomwe izi zingabweretse." Ukadzamva mawu amenewa, dziwa kuti ndi magazi ako. Zaka zinayi ku yunivesite, kumeza mabuku onenepa ngati njerwa, kuti ndizipepesa m'malo mwa anthu omwe sakumva chisoni. Usiku, poti kulibe wowerenga, ndimathandiza kundandalika makoni, tizipewa tofiira tija totchingira msewu. Ndimandandalika mowongoka bwino. Sukulu imaonekera.

Chomwe chinkativuta ndi mapu. Mapu a mapaipi omwe tinalandira ku ofesi ya madzi anajambulidwa ndi munthu amene ndikukhulupirira sanatulukepo panja. Pomwe akuti pali paipi timapezapo chiswe. Pomwe akuti palibe kanthu timadulapo madzi a anthu. N'chifukwa chake pali lamulo loti chimakina chokumba chisanalume nthaka, amuna akumbe kaye dzenje loyesera ndi piki ndi fosholo mpaka paipiyo aione ndi maso. Dzenje limodzi limadya maola awiri kapena atatu. Ntchito inatsalira ndi milungu isanu, ndipo a Injiniya anayamba kuonda.

Apa mpamene pakamwa panga panalowerera. Pamsonkhano wina, anthu akukanda mitu, ndinakweza dzanja n'kunena kuti munthu amene anakwirira mapaipi amenewa amagona chipinda choyandikana ndi changa. Bambo athu, zaka makumi atatu ndi zisanu ku ofesi ya madzi, amene anzawo ankawatcha a Sipanala. Aka kanali koyamba kuti chipinda chonse chitembenukire kwa ine. Kunali kokoma, ndisakunamize.

Ukudziwa momwe bambo akhalira chimwalirireni mayi. Pakhonde, wailesi pamwendo, ndipo akatopa amakamasula mpopi wa kubafa womwe sunawonongeke n'kuumanganso. Ndinawauza nkhaniyi. Analowa m'chipinda, n'kutuluka atavala ovolosi yabuluu ija, itasitidwa mpaka mizere, m'manja atanyamula ndodo yawo yachitsulo yomvera madzi, ija tinkakwapulidwa tikaigwira. Inali 3 koloko masana. Tinkayenera kunyamuka 8 koloko usiku. Anakhala pampando chivalire maola asanu, osatsamira, kuopa makwinya.

Mzime, ukanawaona. Amafika pamalo, kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna nyumba ya mnzawo wakale, kuimika nsonga ya ndodo pansi, mutu wake kukhutu, n'kutsinzina. Kenako kugogoda ndi nsapato kuti apa. Amuna akakumba, paipi iyo. Usiku woyamba anapeza valavu yotsekera madzi yomwe mapu anaiika kutsidya kwa msewu. Anauza a Injiniya kuti asadandaule, mapuwo anajambula ndi kalaliki wina amene ankaopa dzuwa, ndipo ankamudziwa, anali munthu wabwino koma waulesi mpaka potsokomola.

Kapitawo wathu, mkulu wa mawu ngati lole yokwera phiri, ati galu wamkota sakandira pachabe. Bambo anamubwezera kuti galu ndi agogo ake, ndipo kuyambira pamenepo anakhala pachibwenzi cha ponda apa nane mpondepo, kumwera tiyi m'kapu imodzi ya fulasiki. A Injiniya anawaveka jekete yowala n'kumawatcha abwana. Atawatchulira za malipiro anakana, ati munthu salipidwa pokaona ana ake. Ine amene ndinali "iwe wa mapepala" ndinayamba kuitanidwa ndi dzina, mwinanso kufunsidwa maganizo.

Jeketeyo sankaivula. Kogula buledi ndi jekete. Kometetsa ndi jekete. Dera lonse linadziwa kuti kampani yalephera, yachita kukagwada kwa a Sipanala. Anayamba kumaliza chakudya m'mbale. Mlamu wako anawamva akuimba kubafa, n'kuthamangira kuganiza kuti agwa.

Pofika usiku wachinayi maenje oyesera tinasiya. Palibe anachita kulamula. Zinangooneka zopusa kukumba maola atatu pofuna kutsimikiza zomwe mkuluyo wanena m'mphindi ziwiri.

Usiku wachisanu ndi chiwiri tinafika pa kamlatho kakonkire kaja tinkadutsapo popita kusukulu. Cha pamenepo paipi yaikulu, yomwetsa theka la mzinda, imadutsa pansi pa msewu mopingasa. Ili pansi kwambiri, ndipo usikuwo malole anali ndondondo mbali yomwe tinasiya yotsegula, nthaka ikungonjenjemera. Bambo anaika ndodo, kusuntha, kuikanso. Inkangowauza za matayala. A Injiniya anayamba kuyang'ana wotchi.

Bambo anaseka, ati iyi siifuna ndodo. Ati anaikwirira okha chaka chomwe ndinabadwa ine, ndipo poti kalaliki uja sankamukhulupirira, anayeza ndi miyendo yawo tsiku lokwirira: mapazi makumi atatu ndi awiri kuchokera pakamwa pa kamlatho. Ati nambala imeneyi angaiwale tsiku la ukwati wawo koma iyo ayi, ndipo malemu mayi ankadziwa zimenezo n'kumachita nayo nsanje.

Anagunditsa chidendene pakonkire n'kuyamba kuyenda, akuwerenga mokweza, ine pambali ndi tochi. Pomwe anaima, kapitawo anajambula mtanda ndi penti yofiira. A Injiniya analamula kuti chimakina chisiye mamita asanu uku ndi uku kwa mtandawo, kupitirira apo chikumbe momasuka. Kenako anandikokera pambali n'kufunsa chapansipansi ngati pano pokha tisakumbe dzenje loyesera, poti paipi yake si yamasewera, komanso ngati mdala wangayo ndikumukhulupirira. Ndinayankha kuti bambo anga pa nkhani ya madzi salakwitsa.

Itangokwana 2 koloko, dzino la chimakina linaipeza paipi ija, mamita asanu ndi atatu kutsogolo kwa mtanda.

Phokoso lake sindingalilembe. Madzi anakwera kupitirira mapolo a magetsi. Makoni anga owongoka aja anayandama ngati abakha kulowera kumunsi. Tinatseka msewu wonse, mbali zonse ziwiri, malole n'kundanda mpaka kosaoneka. Palibe anavulala, Mulungu alemekezeke. Koma theka la mzinda linakhala masiku atatu mipopi ikungopuma mpweya, amayi ali piringupiringu ndi zidebe, akutitchula mayina omwe mulibe m'mabuku anga onenepa aja.

Bambo anaima m'madzi ofika m'mawondo akukuwa kuti valavu yotsekera ili kuseri kwa malo okwerera basi akale, pansi pa simenti. Palibe anawatembenukira. Anthu omwe dzulo lake ankawatcha abwana anatambasula mapu a kalaliki pa boneti ya galimoto. Ine ndinawagwira mkono n'kupita nawo kunyumba. Njira yonse milomo yawo inkagwedezeka. Ankawerenga.

Mawa lake kapitawo anandiuza kuti valavu anaipeza patatha maola awiri, kuseri kwa malo okwerera basi akale, pansi pa simenti. Ati ndikawapatse moni akuluwo. Moniwo sindinapereke, ndipo za valavu sindinawauze. Sunga zimenezi, kukubwera zina.

Kunali msonkhano wa mabwana a m'tauni, onunkhira sopo ngakhale mzinda unalibe madzi. Anagwirizana msanga kuti mapu sangatchulidwe, poti a ku ofesi ya madzi ndi amene amatipatsa chilolezo. Dzenje loyesera silingatchulidwe, poti papepala linakumbidwa. Wina anafunsa kuti mkulu wa ndodoyo ndi ndani pa kampani. Anafufuza. Analibe kalata ya ntchito, analibe dzina pamndandanda, sanalandirepo kanthu. Nkhope zonse zinawala. Ulemu wawo wokana malipiro uja ndi umene unawasandutsa munthu wongodutsa.

Anandiuza kuti ndilembe chidziwitso chonena kuti ngoziyi inachitika chifukwa cha uthenga wolakwika wochokera kwa munthu wakunja kwa kampani. Basi. Anandituma zokhazo, ndipo ndikufuna uzimve bwino. A Injiniya sanathe n'komwe kundiyang'ana.

Ndinakhala pakompyuta, kulemba momwe ananenera, kuwerenga. Chiganizocho chinali chadazi. Chinalibe nkhope, munthu sakanachikhulupirira. Ndipo ine, paja, ndine katswiri. Ndinachikonza chonchi: "Ngoziyi yadza kaamba ka uthenga wolakwika wochokera kwa mkulu wina wachikulire amene adapuma ntchito kalekale, yemwe mwa kufuna kwabwino adadzipereka kuthandiza, koma zikuoneka kuti zaka zayamba kumuiwalitsa zinthu." Taona kukoma kwake. Muli chifundo, muli ulemu, mulibe dzina. Mabwana anawomba m'manja. Mmodzi ati sanadziwe kuti pakati pa makoni pali munthu wa mutu chonchi.

Wailesi inawerenga chidziwitsocho katatu patsiku kwa masiku atatu. Dzina linalibe ntchito, jekete inali italengeza kale.

Ndinawapeza pakhonde, wailesi pamwendo. Ndinkayembekeza ndodo yachitsulo ija pamsana, ndipo ndikanaithokoza. Anangoti amva chidziwitso, ndipo mawu ake ndi a munthu wophunzira, sukulu sinapite pachabe. Kenako anafunsa, mofatsa ngati akufunsa dokotala, kuti kodi ndinayamba liti kuona kuti akuiwala. Ati ndisawabisire, mwana wachisamba ndi amene amaona zinthu zotere poyamba.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Bambo pamsewu uja anasiya phazi. Mlomo ndinasiya ndine.

Tsopano tamva momwe alili, poti ndiwe namwino. Anapinda jekete n'kundipatsa kuti ndikabweze. Ndodo ndi masipanala anapatsa pulambala wa kuseri kwathu, uja ankamunena kuti amamanga mpopi ngati akumanga mbuzi. Makiyi a nyumba anapereka kwa mlamu wako. Akatseka mpopi amamuitana kuti adzaone ngati atsekadi. Sapitanso okha kogula buledi, ati angasochere. M'thumba la malaya mlamu wako anapeza kapepala kolembedwa mayina athu, lako, langa, la malemu mayi, ndi zaka zobadwa. Zonse zolondola. Akudziyesa mayeso m'mawa uliwonse, akukhoza, koma sakukhulupirira wolemba mayesowo.

Choipitsitsa, akundipepesa. Akuti anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito chifukwa chofuna kutchuka paukalamba. Akandiona ndikunyamuka usiku amaimirira n'kundikonzera kolala.

Lamlungu lapitalo masana ndinapita ndekha pa kamlatho paja. Pomwe paipi inaphulika pali chigamba chakuda cha phula, chooneka bwino. Mtanda wofiira nawo ukuonekabe pang'ono m'mphepete. Paja anthu amati ine ndi bambo ndi msinkhu umodzi, ndipo mayi ankati akationa chakumbuyo sadziwa woti amukalipire. Zaka zanga lero zikungopitirira pang'ono zomwe iwo anali nazo pokwirira paipi ija. Ndinagunditsa chidendene pakonkire n'kuyamba kuyenda mayendedwe anga a masiku onse.

Pa mtanda ndinadutsa ndili pa makumi awiri ndi awiri. Phazi la makumi atatu ndi awiri linatera pakati penipeni pa chigamba.

Nambala anaisunga zaka zonsezi osataya ngakhale phazi limodzi. Mutu wawo uli bwino kuposa wanga, kuposa mapu, kuposa msonkhano wonse uja. Yakalamba ndi miyendo. Munthu amadziwa kuti maso afooka, amadziwa kuti mano atha, koma ndani amamuuza kuti phazi lake lafupika? Amangoona ngati msika ukusunthira kutali chaka ndi chaka.

Ukuganiza kuti ndinadabwa. Ndikanakonda ndikanadabwa. Usiku uja, ndikuyenda pambali pawo ndi tochi, ndinkangowasiya m'mbuyo. Kawiri konse ndinaima kuwadikira. Ndinaona nsapato zawo m'kuwala kwa tochi, momwe chidendene chinkatera pafupi ndi chala cha phazi linzake, ndipo maganizo anandifikira, omveka bwino ngati belu, kuti awa si mapazi omwe anayeza paipi. Patangopita mphindi zochepa a Injiniya anandifunsa funso lija. Mawu awiri okha akanakwana: tikumbe kaye.

Ndayesa kudziuza kuti ndinakhala chete pofuna kuwasungira ulemu pamaso pa anthu. Ndi bodza labwino, ndipo ndikanalilembera wina akanandilipira. Zoona ndi zoti masiku amenewo ndinali munthu, ndipo ndinali munthu chifukwa bambo anga salakwitsa. Sindinafune kubwerera ku makoni.

Kalata ino anandituma ndi iwo. Ati ndikulembere, poti ndimatha kuika mawu bwino, kuti upemphe tchuthi ubwere adakali kuzindikira nkhope yako. Ati usadzidzimuke, akudya, sakumva kuwawa paliponse, kungoti sakudziwa kuti atsala ndi miyezi ingati ya nzeru. Anandiuza kuti ndiwawerengere ndisanatumize. Ndawalembera ina yaifupi yoti ndiwawerengere. Ukuona, ndikupitirizabe ntchito.

Ukatha kubwera, bwera, akusowa. Koma usabwere ndi mankhwala a mutu, ndipo usawatengere kwa anzako oyeza ubongo. Mankhwala awo ndili nawo ine. Ndi kuwatenga masana, kuwaimika pa kamlatho, n'kuyenda iwo akuona. Sipafunika ngakhale kulankhula. Adzawerenga okha, ndipo podzafika pa chigamba adzakhala atachira.

Koma bambo ndi munthu wa miyeso. Akadzaona kuti mutu wawo uli bwino, sadzaima pamenepo. Adzakumbukira amene anagwira tochi. Adzakumbukira kuti ndinaima kawiri. Adzabwereza chiganizo cha pa wailesi chija liwu ndi liwu, poti anachiloweza, n'kufunsa kuti mawu oti zaka zayamba kumuiwalitsa anachokera kwa bwana uti. Ndipo ine ndatopa, sindidzatha kupeka bwana.

Madzulo atatu sabata ino ndakhala nawo pakhonde nkhaniyi ili pakamwa. Ulendo uliwonse amayamba ndi iwo kundifunsa ngati kuntchito andikhululukira. Chikhalire sanandikomerepo mtima chonchi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikufuna kuti andiyang'ane momwe akundiyang'anira masiku ano, ndipo ndazipeza powatsimikizira kuti akupenga. Tsiku lililonse lomwe ndakhala chete ndi tsiku lomwe iwo agona ndi mantha kuti ine ndigone ndi bambo.

Chomwe ndikupempha ndi chimodzi. Usawauze iwe. Ndikudziwa kuti ukangomaliza kuwerenga dzanja lipita pa foni, koma katundu uyu ndi wanga, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipatse mpaka Lamlungu lotsatira tsiku lomwe ulandire kalata ino. Unditumizire uthenga wa liwu limodzi kuti yafika, ndidziwe kuti pali wina akuwerenga masiku.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti chipewa chotentha chomwe anatumizira bambo chinafika ndipo amagona nacho. Moni kwa anzako a kuchipatala, ndi kwa mayi aja a nyumba yoyandikana nanu amene amakusungira makalata. Mlamu wako akupereka moni wambiri. Iye sakudziwa za tochi. Mulungu akusunge, akulimbitse msana, akupatse odwala opepuka.

Lamlungu limenelo madzulo udzaimbe foni, upemphe kulankhula ndi bambo. Ukadzamva akukalipa, akunena kuti m'nyumba mwawo muli njoka yophunzira, usawatonthoze, dziwa kuti achira. Ukadzamva akundiyamikira, dziwa kuti ndalepheranso.

Ndine mlongo wako,
Chisamba